Mmene Mungasungire Mwana Ndalama Mukukhala ku Britain

Makolo a ku Malawi amene akugwira ntchito ku Britain ayambe adzifunsa kuti mwana wawo adzaphunzira kuti akadzakula, chifukwa yankho lake ndilo lidzawauze ndalama yoyenera kusungiramo. Ngati adzalowa yunivesite ya konko, sungani m'mapaundi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti amene ankasunga fizi kubanki ya kumudzi anapeza kuti chiwongoladzanja sichinabweze zimene zinatayika.

Poyambira pabwino ndi akaunti ya Junior ISA, imene kholo limatsegulira mwana wosakwana zaka 18 wokhala ku Britain. Mungaikemo mpaka £9,000 pachaka, chaka chake chikuyambira pa 6 Epulo, ndipo phindu lake silidulidwa msonkho. Ilipo ya mitundu iwiri: yosunga ndalama chabe ndi yogula masheya. Ngati mwana akadali wakhanda, ya masheya ndiyo ndingalimbikitse, popeza zaka zambiri zimapereka mpata woti mitengo ikwerenso ikagwa, ngakhale palibe amene angalonjeze phindu. Uzani banki kuti izidula yokha ndalamayo tsiku la malipiro, isanafike mauthenga a pa WhatsApp a matenda ndi maliro, amene palibe Mmalawi angawanyalanyaze.

Dziwani kuti ndalamazi ndi za mwanayo. Simungazitape lendi ikakuvutani, ndipo akakwanitsa zaka 18 zimakhala m'manja mwake, kaya wakhwima maganizo kaya ayi. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga zina m'dzina lanu, kuphatikizapo zokonzetsera viza ya banja lonse. Mukabwerera kumudzi, akauntiyo siitsekedwa, ndipo mungapitirize kuikamo ndalama.

Nkhani ya mapepala isanyozedwe. Mwana wopanda chilolezo chokhazikika ku Britain nthawi zambiri amalipira fizi ya ophunzira akunja, imene imaposa kutali ya eni dziko, choncho ndalama zolipirira chilolezocho ndi mbali ya tsogolo lake.

Ngati mtima uli pogula malo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, musadalire chithunzi cha njerwa chimene m'bale wakutumizirani. Lembani loya wanuwanu, afufuze ku Unduna wa Zamalo kuti mwini wake weniweni ndani, ndipo mulipire pokhapokha zikalata za umwini zikatsimikizika. Lembaninso wilo yotchula malowo ndi dzina la mwana, ndiponso munthu amene adzamuyang'anire inu mutachoka iye akadali wamng'ono.