Momwe mungalembere mbiri ya boma lanu la mganda

M'midzi yambiri ya ku Nkhotakota, kuyambira kwa Mwadzama mpaka kwa Kanyenda, mawu akuti boma satanthauza maofesi a ku Linga okha ayi. Amatanthauzanso gulu la amuna ovina mganda kapena malipenga, lokhala ndi dzina lake, bwalo lake, maudindo ake, malamulo ake ndi thumba lake la ndalama. Ine ndinakhala mlembi wa boma la kwathu kwa zaka zingapo, ndipo ndinkaganiza kuti ndimalidziwa bwino, kufikira tsiku limene tinaika m'manda Kingi wathu wakale. Wopereka mbiri ya malemu anandinong'oneza kuti ndimuuze chaka chimene boma linayamba komanso amene analiyambitsa, ndipo ndinasowa choyankha, pamene munthu yekhayo amene akanayankha anali m'bokosi patsogolo pathu. Zimene ndalemba pano ndi njira imene tinatsata pambuyo pake posonkhanitsa zotsala, ndipo ndikuzipereka kwa alembi a maboma ena amene akuluakulu awo adakali moyo.

Musanagule ngakhale kope, pemphani chilolezo. Pitani kwa Kingi ndi akuluakulu a boma, muwafotokozere chimene mukufuna kuchita, kenaka mupite nawo limodzi kwa nyakwawa, pakuti bwalo limene mumavinirapo ndi lawo. Boma la mganda silili ngati dambwe, lilibe zinsinsi zoletsedwa kwa osalowa, komabe lili ndi nkhani zake zimene eni ake safuna kuti zimveke kwa maboma opikisana nawo, monga za mankhwala amene ena amati ankatsirika nawo ng'oma, kapena milandu imene inaweruzidwa mkati. Gwirizanani poyambirira pomwe kuti mudzalemba zonse zimene mwamva, koma zowerengedwa pagulu adzasankha ndi akuluakulu. Mukalumpha khwerero limeneli, anthu adzakulandirani bwino, adzakupatsani mpando, koma adzakuuzani zapamwamba zokha.

Ndi bwinonso kudziwiratu mbiri ya gule yense, kuti muthe kusiyanitsa za boma lanu ndi za maboma onse. Mganda, malipenga ndi beni ndi magule apachibale amene anatengera perete wa asilikali, ndipo anafalikira kuno makamaka itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna ambiri anabwerako ku usilikali wa King's African Rifles ndi ku utengatenga. Ndi chifukwa chake muli kuguba m'mizere, wezulo, mbendera, ndi maudindo onga Kingi, Kaputeni, Sajeni ndi Dokotala. Beni anachokera kugombe la nyanja yamchere, kumene Nkhotakota inali italumikizana nako kale kuyambira nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah m'zaka za m'ma 1840. Nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, inabweretsanso asilikali ena amene anafika mpaka ku Burma. Chenjezo langa ndi ili: pafupifupi boma lililonse limanena kuti amene analiyambitsa anamenya nawo Ajeremani ku Karonga. Nkhondo ya ku Karonga inachitika mu September 1914, choncho ngati mwana woyamba wa munthuyo anabadwa m'zaka za m'ma 1950, n'kutheka kuti anali msilikali wa nkhondo yachiwiri, kapena kuti anangotengera gule ku boma lina loyandikana nalo. Zimenezi sizichepetsa ulemu wake, koma zilembedwe monga zinalili.

Ntchito yeniyeni ndi kucheza ndi anthu, ndipo apa ndi pamene muyenera kuthera nthawi yambiri. Nyengo yabwino ndi pambuyo pokolola, anthu atapuma kumunda ndi kumadimba a mpunga, ndipo ngati amene mukufuna kucheza nawo ndi asodzi, masiku a mwera amathandiza chifukwa ngalawa zimakhala kumtunda. Chezani ndi munthu mmodzi pa nthawi, kunyumba kwake. Mukasonkhanitsa akuluakulu asanu pamodzi, amalankhula ndi mmodzi yekha, amene ali ndi udindo kapena mawu aakulu, enawo n'kumangovomera. Tengani kashuga kapena sopo m'manja monga amachitira mlendo aliyense waulemu, khalani pansi, ndipo musafulumire kutulutsa foni yojambulira mawu musanapemphe.

Funso loipitsitsa ndi lakuti, "Gogo, boma linayamba chaka chanji?" Munthu wamkulu safuna kuoneka wosadziwa pamaso pa mdzukulu, ndiye adzatchula chaka chilichonse chimene chabwera m'mutu, inu n'kulemba ngati choona. M'malo mwake funsani kuti, "Gogo, pamene munkalowa mu mzere koyamba, munali mutakwatira? Nanga Kingi anali ndani nthawi imeneyo?" Kenaka mangirirani mayankhowo ku zochitika zimene zaka zake n'zodziwika. Njala yaikulu inali ya 1949. Sitima ya Ilala inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Dr. Banda anabwerera kumudzi mu 1958, ndipo msonkhano waukulu wa chipani chawo unachitikira ku Nkhotakota konkuno mu 1960. Ufulu unabwera mu 1964. Ndalama zinasintha kuchoka ku mapaundi ndi mashereni kupita ku makwacha ndi matambala mu 1971. Ulendo wa ku Wenela, wokagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa, unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown. Nyanja inadzaza kwambiri cha mu 1980, riferendamu inali mu 1993, ndipo njala ina imene ambiri akuikumbukira ndi ya 2002. Ife tinapeza chaka cha ng'oma yathu yaikulu m'njira imeneyi. Mkulu wina anati sakumbukira chaka, koma anakumbukira kuti wosema anakana ndalama zatsopano, nati amupatse mashereni amene ankawadziwa. Wina, patsiku lina, anati chikopa choyamba chinachokera ku ng'ombe imene inaphedwa pa ukwati wa mlongo wake, ndipo kalata ya ukwatiwo inapezeka ku tchalitchi. Zonse ziwiri zinaloza ku 1971.

Musaiwale amayi. Ambiri olemba mbiri ya maboma amafunsa ovina okha, chonsecho boma likaitana anzake, amene ankadziwa chiwerengero cha alendo ndi amene ankaphika. Mayi wina wachikulire anatiwerengera maboma onse amene anabwerapo kwathu, powakumbukira ndi nsima: awa ankadya ya kondowole yokha, awa ankafuna ya mgaiwa, awa anabwera ochuluka moti usipa unatha n'kupha mbuzi ya mwini mudzi. Amayi omwewo ndi amene ankachapa zovala zoyera ndi kuzisita ndi simbi ya makala usiku wonse, ndipo ambiri a iwo ankavina chimtali pa mabwalo omwewo. Mukatha kucheza ndi amayi, pitani kwa akuluakulu a boma limene munkapikisana nalo kwambiri. Iwo amakumbukira masiku amene munagonja, amene anthu anu anawaiwala mwadala.

Nyimbo zisonkhanitseni padera, chifukwa ndi m'menemo mmene boma linkasunga zimene linaona. Pemphani akuluakulu aimbe, jambulani, kenaka lembani mawu ake ndendende. Ngati muli Chitonga kapena Chiyao, chisiyeni momwemo ndipo tanthauzo mulembe pansi pake. Mawu olamula monga "abautani" alembeni monga amamvekera pabwalo, osawakonza kuti afanane ndi Chingerezi cha kusukulu. Pa nyimbo iliyonse funsani mafunso atatu: anapeka ndani, ankanena ndani, ndipo chinachitika n'chiyani. Nyimbo zambiri zimene achinyamata amaziimba lero ngati zongosangalatsa zinali zodzudzula munthu weniweni, kaya kapitawo wankhanza, kaya mtchona amene anasiya mkazi ndi ana osatumiza kalikonse. Ngati ana a munthuyo alipo, dzina lake likhale m'kope losungidwa, lisatchulidwe pagulu.

Katundu wa boma ndi umboni wosavuta. Jambulani zithunzi za ng'oma, mbendera, wezulo, zipewa ndi mabadza (zikho zimene ovina amaliza ngati malipenga), ndipo funsani kuti chilichonse chinabwera ndi ndani. Ngakhale kusintha kwakung'ono n'koyenera kulemba, monga nthawi imene anthu anasiya kumata kachikopa koyera ka kangaude pabowo la badza n'kuyamba kumata pepala la pulasitiki. Fufuzani m'masutikesi makalata oitanirana ndi makope akale a zopereka. Pa chithunzi chilichonse chakale lembani kuseri ndi pensulo maina a anthu kuyambira kumanzere, mwini chithunzi adakali pomwepo.

Tsopano konzani mndandanda wa maudindo, kuyambira Kingi wa lero kubwerera m'mbuyo, popeza kukumbukira kumayenda bwino kuchokera pa zapafupi. Pa munthu aliyense lembani mmene analowera ndi mmene anachokera: kaya anamwalira, kaya anapita kukagwira ntchito ku minda ya nzimbe ku Dwangwa, kaya anachotsedwa. Apa ndi pamene mudzakumana ndi nkhani zowawa, pakuti palibe boma lakale limene silinagawikepo. Kwathu kugawikana kunabwera chifukwa cha ndalama za yunifolomu zimene zinasowa, ndipo mpaka lero mbali ziwirizo zimafotokoza mosiyana. Ine ndinayesedwa kuti ndingoilumpha nkhaniyo, koma ndinaona kuti popanda iyo palibe angamvetse chifukwa chimene m'mudzi umodzi muli ng'oma ziwiri. Tinalemba mbali zonse ziwiri moyandikana, iliyonse ndi mawu akuti "malinga ndi akuluakulu a mbali iyi", osaweruza. Chimodzimodzinso nthawi ya chipani chimodzi, pamene maboma ankatengedwa pa malole kukavina pa misonkhano ya ndale: ena amaikumbukira ngati nthawi ya ulemerero pamene anaona Lilongwe koyamba, ena amakumbukira kukakamizidwa ndi kugona ndi njala m'makalasi. Zonse ziwiri zinachitika, ndipo zonse zilembedwe.

Pali gawo lina limene limaiwalika chifukwa silichitikira pabwalo. Boma ndi ubale. Membala akadwala, anzake ankamulimira. Akaferedwa, boma linkasonkha ufa ndi nkhuni n'kukagona kusiwa. Mnyamata wopanda kabudula woyera ankabwerekedwa kuti asatsale pa ulendo. Funsani za zimenezi mwachindunji, kuti, "Bambo, boma linakuchitiranipo chiyani pa vuto?" chifukwa paokha akuluakulu saziona ngati mbiri. Funsaninso za malamulo ndi zindapusa: wochedwa ku pulakatisi ankalipira chiyani, wobwera ataledzera ankatani naye, Dokotala ankayendera chiyani gule asanayambe. Kwathu Dokotala ankayang'ana zikhadabo, tsitsi ndi kuyera kwa masokosi, ndipo wauve ankatulutsidwa mu mzere ngakhale akhale katswiri.

Mukamaliza kulemba, itanani boma lonse pamodzi ndi amayi ndi nyakwawa, muwerenge mokweza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Padzakhala kutsutsa, ndipo kutsutsako n'kothandiza, chifukwa munthu amene anakhala chete pamene munkacheza naye amatseguka pakamwa akamva mnzake atalakwitsa. Khalani ndi cholembera m'manja. Pomwe anthu agwirizana, konzani. Pomwe sanagwirizane, onjezerani mawu a mbali inayo.

Za kasungidwe ndikunena ndi chisoni, chifukwa kope langa loyamba, momwe munali mawu a akuluakulu awiri amene anamwalira chaka chomwecho, ndinalisiya m'katoni pansi m'nyengo ya dzinja, ndipo chiswe chinadya masamba oposa theka. Gulani kope lachikuto cholimba, lembani ndi bolopeni yosafufutika ndi madzi, likulungeni m'pulasitiki ndi kuliika m'chitini chotseka pamalo okwera. Pangani makope atatu, limodzi kwa Kingi, lina kwa mlembi, lina kwa nyakwawa kapena kusukulu yapafupi. Mawu ojambulidwa asakhale m'foni imodzi. Atumizeni kwa anthu awiri kapena atatu odalirika tsiku lomwelo, ndipo tsamba lililonse la kope mulijambulenso chithunzi. Ngati akuluakulu avomera, kope lina lingathe kupita ku National Archives of Malawi ku Zomba, kumene kumasungidwa zolembedwa zakale za dziko lino, ndipo nyimbo zosanyoza munthu mungazipereke ku wailesi ya m'dera lanu.

Kumapeto kwa kope siyani masamba ambiri osalemba, ndipo boma ligwirizane kuti kulemba m'menemo ndi mbali ya udindo wa mlembi, monga kusunga ndalama kulili kwa msungichuma. Ulendo uliwonse ulembedwe madzulo a tsiku lomwelo: deti, mudzi umene munapita, maboma amene analipo, chiwerengero cha ovina, amene analowa mu mzere koyamba, nyimbo yatsopano ndi woipeka. Mlembi akamatula udindo, apereke kopelo kwa womulowa m'malo pamaso pa boma lonse, pamodzi ndi wezulo ndi mbendera.