Momwe mungaikire khadi la RMU mu tape library osapinda mapini ngati ine

Kwa zaka zingapo, backup ikakanika usiku wa Lachisanu, Loweruka m'mawa ndinkakwera minibasi kuchoka ku Machinjiri kupita ku ofesi kukadina batani limodzi kutsogolo kwa makina. Limodzi basi. Mwina tepi yakakamira, mwina library, makina osunga ndi kusinthanitsa matepi a backup, yangoima kudikira munthu woti aiuze kuti ipitirize. Ngati nanunso muli ndi makina akale omwe abwana safuna kumva zowasintha chifukwa "akugwirabe ntchito", khadi la RMU, lokulolani kuyendetsa library muli patali, likuchotserani maulendo amenewa.

Athu ndi Dell PowerVault 132T. Amatenga matepi a LTO mpaka 24 ndi ma drive awiri, ndipo matepi athu ndi a LTO-2, iliyonse 200 GB popanda kupanikiza deta. Amene anawapanga kwenikweni ndi kampani ya ADIC, yomwe inkawagulitsa pa dzina la Scalar 24, ndipo IBM inkagulitsanso omwewo pa dzina la 3582. ADIC inagulidwa ndi Quantum mu 2006, ndiye mukamasaka mabuku ake pa intaneti yesaninso dzina limenelo. Khadilo amalitcha RMU (Remote Management Unit). Lili ndi polowetsa chingwe cha netiweki, ndipo mukaliika library imakhala ndi tsamba lakelake pa browser. Mumatha kuona tepi yomwe ili mu drive, kukopera ma log, kuika firmware (pulogalamu ya mkati mwa makina) yatsopano ndi kudina mabatani a kutsogolo kwa makina muli kunyumba kwanu. Makina omwe anabwera pambuyo pake monga Dell TL2000, HP MSL2024 ndi IBM TS3100 amabwera ali nazo kale zimenezi, choncho ngati muli ndi amenewo musavutike kuwerenga.

Kugula khadilo

Latsopano iwalani. Lomwe mupeze ndi lochotsedwa mu makina ena omwe anapuma ntchito ku Ulaya kapena ku America. Ndinayamba ndafunsa kwa munthu wina wogulitsa zida za makompyuta mu tauni muno. Anandiuza kuti "tili nalo ku warehouse ku Johannesburg, mungolipira theka", pamene dzina la makinawo anali kulimva koyamba kwa ine. Mtengo womwe ananditchulira unali kuposa katatu wa omwe ndinadzaupeza pa intaneti. Komabe musakopeke ndi mtengo wa pa intanetiwo wokha. Kwa ine ndalama yotumizira pamodzi ndi msonkho zinaposa mtengo wa khadi lenilenilo.

Musanalipire, muuzeni wogulitsayo akujambulireni kapepala ka part number komata pa khadipo, komanso cholumikizira chake cha kumapeto, chithunzi chapafupi. Popeza makinawa ankagulitsidwa ndi makampani atatu, pali makhadi ofanana nkhope koma a mayina osiyana, ndipo ine ndinasankha la Dell lomwe kuti ndisamadzalimbane ndi firmware. Mumufunsenso ngati pasiwedi ya mwini wake wakale inachotsedwa. Akayamba kuzungulira, pitani kwina. Ndipo lifike mu kathumba kotuwa konyezimira koteteza ku static. Lobwera lokulungidwa mu nyuzipepala ngati usipa, ndalama yanu mwaiponya m'madzi.

Musanaligwire

Imitsani ntchito zonse za backup pa seva, kuphatikiza zomwe zimadzuka zokha pa nthawi yake. Tepi iliyonse yomwe ili mu drive ibwerere pa malo ake. Ngati library yanu yalumikizidwa ku seva ndi chingwe cha SCSI ngati yathu, zimitsani seva kaye kenako library. Musakhulupirire batani lokha, zulani chingwe cha magetsi kumbuyo. Khadi ili si la kulowetsa makina akuyaka.

Lamba wa pa mkono woteteza ku static ngati muli naye valani. Ine wanga anasowa kalekale, ndimangogwira chitsulo cha rack kaye ndi dzanja lonse, ndi kugwiranso nthawi iliyonse ndikasuntha. M'miyezi ya June ndi July, mpweya ukauma ndipo munthu wavala juzi, musachite nazo chibwana. Khadi ligwireni m'mbali.

Kumbuyo kwa library muona kachitsulo kotseka malo a khadi. Kamasuleni, kasungeni mu kabati. Zimenezo n'zosavuta.

Polowetsa: apa ndi pomwe ndinalakwitsa

Khadi limatsetsereka pa tinjira tiwiri, kena mbali iyi kena mbali inayo, mpaka kukalumana ndi cholumikizira chomwe chili mkati. Cholumikiziracho simuchiona pamene mukukankha. Mumangochimva ndi zala. Ndipo kumbuyo kwa rack yathu kuli mdima, mpata wake ndi wongokwana munthu woonda, zingwe zili lendelende paliponse.

Tsikulo ndinali ndekha, foni ili kukamwa kuti tochi yake iunike, dzanja limodzi likukankhira zingwe za SCSI pambali. Khadi linalowa bwinobwino, kenako linaima kutatsala ngati theka la sentimita kuti nkhope yake ifike pa thupi la makina. Ndinakankha pang'ono, linakana. M'mutu mwanga ndinati n'kuuma chabe kwa zinthu zokhalitsa, masikuluwu alikoka okha. Ndinayamba kumanga sikuluwu imodzi, kenako inayo, mosinthanasinthana, ndi zala poyamba, zala zitalephera ndinatenga sikuludalaiva. Mpata uja unatsekeka. Panalibe phokoso lililonse, ngakhale kakuti "thee". Ndinadziyamikira.

Nditayatsa, library inadzuka bwino, koma khadi silinaoneke. Nyale ya pa doko la netiweki inali zii. Ndinasintha chingwe, ndinasintha doko pa switch, ndinazimitsa ndi kuyatsa kangapo. Ndinafika polembera wogulitsa uja uthenga waukali kuti wanditumizira chakufa. Uthengawo ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

M'mawa mwake mnzanga wa mu dipatimenti anandithandiza kutsitsa library yonse pa rack kuiika pa tebulo pafupi ndi zenera. Imalemera, musayese nokha. Titasolola khadi ndi kuunika pa cholumikizira, mapini awiri anali atagona ngati chimanga chogwetsedwa ndi mphepo. Chinachitika n'chakuti mbali imodzi ya khadi inalowa mu kanjira kake, koma mbali inayo inakwera pamwamba pa kanjira. Khadi linapendekeka pang'ono kwambiri, moti ndi maso mu mdima uja sindikanaona. Pofika mkati silinalunjike pa mabowo ake, ndipo masikuluwu aja anangomaliza ntchito yopinda. Sikuluwu ili ndi mphamvu kuposa chala, ndipo siimva kuti chinachake chikukana.

Tinawongola ndi pensulo ija yodina, yolowetsa timitima topyapyala. Mumachotsa mtima wake, kabowo ka kunsonga n'kuveka pa pini, kenako kuimika pang'onopang'ono. Pini imodzi inatitengera mphindi zoposa khumi chifukwa tinkaopa kuithyola. Chitsulo chake chikapindidwa uku ndi uku kangapo chimaduka, ndipo ikaduka nkhani yasanduka yogula zida zina ndi kudikiranso milungu. Ife tinali ndi mwayi chabe.

Ndiye inu chitani chonchi. Pezani kuwala kokwanira, ngati n'kotheka wina akugwirireni tochi. Musanalowetse, unikani mkati muone tinjira tonse tiwiri ndi cholumikizira, muone ngati mapini onse aima chilili. Ikani m'mphepete mwa khadi mu tinjirato mukuona ndi maso, mbali zonse ziwiri. Likalowa pang'ono, ligwedezeni mofatsa. Lomwe lili m'njira yake silisewera kwambiri, lomwe laphonya mbali imodzi limagwedera. Kankhani ndi zala ziwiri, china kumanja china kumanzere, mphamvu yofanana. Liyenera kuyenda mosavuta mpaka kumapeto, pomwe mumve kulimba pang'ono, kenako kulowa kamodzi n'kukhazikika. Nkhope ya khadi ifike pa thupi la makina masikuluwu musanawakhudze n'komwe. Mpata ukatsala, ngakhale wongolowa chikhadabo, sololani muyambirenso. Kuyambiranso kasanu sikuwononga kanthu.

Masikuluwu ntchito yawo ndi kugwira khadi lomwe lalowa kale kuti lisatuluke. Mangani ndi zala. Sikuludalaiva isiyeni m'thumba.

Kuyatsa ndi kuika adiresi

Lowetsani chingwe cha netiweki, bwezerani cha magetsi. Yatsani library kaye, idzuke, kamkono kake kamalize kuyendera matepi onse, kenako seva. Mukatembenuza dongosololi seva siiona library ndipo mudzayamba kukayikira khadi pachabe.

Pa kagalasi ka kutsogolo pitani ku menyu ya Setup, mupeza malo a RMU. Ikani IP address, subnet mask ndi gateway. Mabatani ake ndi otopetsa, nambala iliyonse kudina kangapo, choncho lembani manambalawo pa pepala kaye. Ine ndimaika adiresi yokhazikika, osati ya DHCP yomwe netiweki imapereka yokha ndipo imatha kusintha, chifukwa magetsi akathima ndi kubwera sindifuna kuyamba kusaka komwe library yathawira. Ndipo adiresiyo ilembeni pa kapepala mumate kutsogolo kwa makina. Amene adzabwere pambuyo panu adzakudalitsani.

Yesani ping kuchokera pa kompyuta yanu. Ikayankha, lembani adiresiyo pa browser. Dzina ndi pasiwedi zoyambira zili m'buku la makina anu. Lowani, sinthani pasiwediyo nthawi yomweyo.

Pali kachinthu kamodzi kokhumudwitsa. Tsamba loonetsa mabatani a kutsogolo limadalira Java ya mu browser, ndipo Chrome inasiya zimenezo mu 2015, Firefox mu 2017. Masamba enawo amatseguka, koma lomwe munaligulira khadi limangoonetsa bokosi lopanda kanthu. Ine ndinasunga kompyuta yakale ya virtual yokhala ndi browser yakale ndi Java yakale, ntchito yake ndi imeneyi yokha, pa intaneti siipita. Khadilonso musaliike poyera pa intaneti. Ndi la nthawi yakale, chitetezo chake n'chofooka. Likhale mkati mwa netiweki ya ofesi, inu muzilowa kudzera pa VPN.

Zotsalazo n'zachizolowezi. Konzani tsiku ndi nthawi kuti ma log azimveka. Ikani adiresi ya SNMP ngati muli ndi pulogalamu yoyang'anira zida. Firmware, ngati zonse zikuyenda, ine ndimaisiya momwe ilili, koma mukafuna kuikweza onetsetsani kuti UPS, batire yosungira magetsi, ili ndi moto wokwanira, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchitoyo mudzalira. Dzutsani ntchito za backup zija munaimitsa. Ine ndinaiwala, tinakhala masiku awiri opanda backup osadziwa.

Pomaliza yesani kusuntha tepi imodzi kuchoka pa malo ake kupita mu drive ndi kuibweza, muli pa desiki yanu, kenako yesaninso madzulo muli kunyumba. Tepi ikakakamira zenizeni mkati mwa drive, kapena ikafunika kutulutsidwa kupita ku sefa yosungiramo matepi, minibasi ija mukwerabe.