Ulendo wokasaka golide ku Australia: mmene mungaukonzere muli kuno ku Joni

Agogo anga aamuna anabwera kuno nthawi ya Wenela ndipo anakumba pansi makontirakiti anayi. Koma mukawafunsa kuti golide amaoneka bwanji, ankangoseka. Ankati iwo ankaona miyala yotuwa basi, kuiswa, kuipakira m'ngolo, golideyo n'kukaonedwa ndi ena kumtunda. Ine ndimawotcherera zitsulo ku Germiston, ndipo m'mawa uliwonse takisi imandidutsitsa pafupi ndi milu yachikasu ija ya dothi la m'migodi. Tsono mtima unkangondikakamiza kuti kubanja kwathu kupezeke mmodzi woti anatolapo golide ndi dzanja lake. Mu Meyi 2024, ine ndi alamu anga tinapita ku Victoria, m'dziko la Australia, masiku 12. Tinapeza magalamu 1.4. Ndalama zimene zinapita pa ulendowu zikanafolera nyumba yonse ya malata kwathu ku Ntcheu, n'kutsalako za simenti.

Ndayamba ndi masamu amenewa dala. Ngati mukufuna ulendo woti ukabweze ndalama zake, siyirani pomwepa. Uwu ndi ulendo watchuthi, wofanana ndi wa munthu wokawedza ndi mbedza pa Salima pomwe chambo chili pamsika. Mukauvomereza choncho, zina zonse zimakonzeka bwino.

Ena afunsa kuti, bwanji kupita kutali pomwe mzinda wa Johannesburg unamangidwa pa golide amene anapezeka pa famu ya Langlaagte mu 1886? Yankho ndi lamulo. Kuno ku South Africa, lamulo la Precious Metals Act la 2005 sililola munthu kusunga, kugula kapena kugulitsa golide wosasula popanda chilolezo. Ndipo mukudziwa mmene zinthu zilili ndi nkhani ya azamazama, anthu okumba m'migodi yakale popanda chilolezo, makamaka chichitikire za ku Stilfontein zija, kumene ambiri a iwo anafera pansi pa mgodi. Mmalawi wopezeka pafupi ndi mgodi wakale atanyamula piki ndi beseni sapatsidwa mpata wofotokoza kuti amangosewera. Malo amene ndinganene kuti pitani mukaphunzire ndi Pilgrim's Rest ku Mpumalanga, kumene golide anapezeka mu 1873. Kumeneko amaonetsa alendo kasefedwe ka golide m'madzi, komanso amachititsa mipikisano yake. Ife tinapitako Loweruka lina tisanagule n'komwe matikiti a ndege. Alamu anga atawerama ola limodzi m'madzi ozizira anati, "Alamu, kodi ku Australia kuja tikukavutikanso chonchi?" Ndi bwino funso limeneli lifunsidwe ku Mpumalanga kusiyana ndi kutsidya kwa nyanja.

Kusankha dziko sikunativute kwenikweni. Ku New Zealand kuli malo ena amene boma linapatula kuti aliyense asefe golide ndi zida zapamanja popanda chilolezo, monga mumtsinje wa Arrow pafupi ndi Arrowtown. Ku Western Australia, cha ku Kalgoorlie, kuli golide wambiri koma mitunda yake ndi yoopsa kwa mlendo, madzi ndi osowa, ndipo malo ambiri ali kale m'manja mwa makampani a migodi moti pamafunika chilolezo chachiwiri. Victoria ndiye anatikomera chifukwa matauni ali pafupipafupi. Dera limene amalitcha Golden Triangle lili kumpoto chakumadzulo kwa Melbourne, ndipo muli matauni ngati Dunolly, Maryborough, Tarnagulla, Inglewood ndi Wedderburn. Ku Moliagul, pafupi ndi Dunolly, ndi kumene John Deason ndi Richard Oates anafukula chibuluma cha golide chotchedwa Welcome Stranger mu February 1869. Atachiyenga munatuluka golide wopitirira makilogalamu 70, ndipo chinali chitangokwiririka pang'ono chabe patsinde pa mtengo. Mu 1980 Kevin Hillier anapeza china cha makilogalamu 27 ku Kingower pogwiritsa ntchito ditekita, makina amene amalira akamva chitsulo kapena golide pansi. Nkhani ziwirizi muzimva paliponse kumeneko, ndipo zimakoma, koma musaziike mu bajeti.

Mapepala ayambe, makina pambuyo

Apa ndi pamene ife a pasipoti ya Malawi tiyenera kudekha. Choyamba yang'anani pemiti yanu ya kuno, osati viza ya ku Australia. Mukatuluka pa bwalo la ndege la OR Tambo pemiti itatha, amakulembani kuti ndinu munthu wosafunika m'dziko muno, ndipo chiletso chake chimatha kufika zaka zisanu ngati munapitirira ndi masiku oposa 30. Ganizani, kusiya ntchito, chipinda ndi ana pasukulu chifukwa cha galamu imodzi ya golide. Pemiti ikhale yamoyo tsiku lonyamuka, tsiku lobwerera, ndi miyezi ingapo kutsogolo kwake. Ngati mapepala anu akadali m'njira, dikirani atuluke.

Viza ya ku Australia ndi ya alendo, yotchedwa subclass 600. Mumafunsira nokha pa intaneti potsegula akaunti ya ImmiAccount, kenako amakuitanani kukadinda zala ndi kujambulitsa ku VFS Global. Ndikubwereza kuti nokha, chifukwa ife poyamba tinapatsa ndalama mkulu wina wa kaofesi m'tauni amene anati amadziwa njira yachidule. Patatha milungu itatu tinapeza kuti sanatumize kalikonse, ndipo foni anasiya kuyankha. Chimene a boma la Australia amafuna kuona n'choti mudzabwerera. Choncho ikani kalata ya abwana yonena kuti ntchito ikukudikirani ndiponso masiku a tchuthi, mapepala a malipiro, sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu kapena kuposa, pangano la lendi, ndi ndondomeko ya ulendo yolemba tsiku ndi tsiku. Ndalama za chipereganyu musaziponye mu akaunti sabata yofunsira viza. Ndalama yochuluka yongotulukira mwadzidzidzi imabweretsa mafunso. Ilowe miyezi ingapo m'mbuyo. Pa cholinga cha ulendo lembani zoona, kuti mukukaona malo ndi kusaka golide mongosangalala. Viza imeneyi siilola kugwira ntchito. Yambani zonsezi kudakali miyezi itatu, ndipo tikiti yosabweza ndalama musagule viza isanatuluke.

Chilolezo chosakira golide ndiye chosavuta mwa zonse. Dzina lake ndi Miner's Right, chimagulidwa pa intaneti ku boma la Victoria, mlendo amaloledwa, ndipo chimagwira ntchito zaka 10. Ife tinalipira ndalama yosakwana madola 30 a ku Australia aliyense. Chinayamba mu 1855, anthu okumba golide ataukira boma ku Ballarat mu 1854 chifukwa cha msonkho wokwera, pa chipolowe chotchedwa Eureka Stockade. Aliyense wazaka 18 kupita m'mwamba akhale ndi chake, ndipo muziyenda nacho. Chimakulolani zida zapamanja zokha. Dzenje lililonse mukwirire, mitengo musadule, ndipo malo akale a anthu a mtundu wa Aboriginal musawakhudze. Sichikutsegulirani paliponse ayi. Pa famu ya munthu mupemphe kaye mwini wake, m'mapaki ambiri n'zoletsedwa kupatula zigawo zimene anaika padera, ndipo mitsinje ina ndi yoletsedwanso. Boma lili ndi mapu a pa intaneti otchedwa GeoVic. Asindikizeni papepala, chifukwa m'tchire netiweki imasowa.

Nyengo, ndege ndi jombo zanga

Nyengo zawo zimayenda limodzi ndi zathu, kungoti ku Victoria mvula yambiri imagwa m'nyengo yozizira. Disembala mpaka Febuluwale kumatentha koopsa, moto wolusa umabuka, ndipo pamakhala masiku amene kuyatsa moto panja n'koletsedwa kotheratu. Epulo ndi Meyi, kapena Seputembala ndi Okutobala, ndi miyezi yabwino. M'mawa wa Meyi ku Dunolly kumazizira ngati ku Dedza mu Juni, tengani jekete.

Kuchokera ku Johannesburg kuli ndege zopita molunjika ku Perth ndi ku Sydney, kenako mumakwera ina yopita ku Melbourne. Nthawi ya ku Victoria m'miyezi yozizira ili patsogolo ndi maola 8, choncho tsiku loyamba musakonze kanthu, mugone. Galimoto ndi yofunika, ndipo mwayi wake amayendetsa kumanzere ngati ife. Inshuwalansi ya chipatala musaisiye, chifukwa mlendo amalipira yekha, ngakhale ambulansi.

Tsopano za jombo. Ine ndinatenga jombo zanga za kuntchito, zachitsulo kumphuno, dothi la ku Germiston lili mbuu kunsi kwake. Australia salola dothi lakunja kulowa, ndipo pa kakhadi kamene mumalemba m'ndege pali funso lake. Ndinavomera kuti ndili nazo, ndipo ndinachita bwino, chifukwa kubisa kuli ndi chindapusa chachikulu. Anazitenga, anakazitsuka, ine nditaima pambali ndi manyazi, alamu akuseka. Kufika kutchire, jombo zomwezo zinakhala zopanda ntchito: ditekita inkalira ndikangoponya phazi, ikumva chitsulo cha kumphuno kuja. Ndinakagula nsapato zina ku Maryborough. Tsukani nsapato, tenti ndi zikhomo zake musananyamuke, ndipo nsapato zikhale zopanda chitsulo. Mabatire a lithium amayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi.

Ditekita musagule kuno. Dothi la ku Victoria lili ndi chitsulo chambiri, ndipo makina otchipa ongosakira makobidi pagombe amangolira osaleka. Amene amagwira bwino ndi a mtundu wa pulse induction, monga SDC 2300 kapena GPX 6000 a kampani ya Minelab ya ku Adelaide, ndipo mtengo wake ndi wa galimoto yakale. M'matauni a golide muli masitolo obwereketsa pa tsiku kapena pa sabata. Tinabwereka imodzi, n'kumasinthana; wina akamasaka, wina amakumba. Piki yokhala ndi maginito, kafosholo ka pulasitiki ndi beseni losefera tinagula konko. Ndipo lipirani tsiku limodzi la maphunziro ndi munthu wodziwa. Safunsa anadya phula. Pa ndalama zonse za ulendowu, zimenezi ndi zimene sindidandaula nazo ngakhale pang'ono.

Mkulu amene anatiphunzitsa anatiuza kuti tiyende ngati tikuperekeza maliro. Mbale ya ditekita, chozungulira cha kunsi kwa makinawo, ikhudze pansi, muziyendetsa pang'onopang'ono, mzere uliwonse uzilowa mu unzake. Kulira kwamphamvu nthawi zambiri ndi msomali, chipolopolo kapena chidutswa cha chitini cha m'zaka za m'ma 1850. Golide amalira monong'ona, kamawu kongosintha pang'ono m'makutu. Mukamva, palani dothi lapamwamba ndi phazi, muyesenso. Mawu akakula, kumbani. Pititsani maginito pa dothilo kuti achotse zitsulo, kenako tapani dothi pang'onopang'ono ndi kafosholo ka pulasitiki n'kumalidutsitsa pamwamba pa mbale ija mpaka mutapeza dzanja limene likulira. Mphete ndi wotchi muvule. Masiku asanu oyamba tinadzaza botolo la chiponde ndi misomali ndi zipolopolo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, cha m'ma 3 koloko masana, pakati pa milu ya dothi loyera imene anasiya okumba akale, m'dzanja langa munatsala kamwala kofiira ngati njere ya mapira. Ndinakalavulira, n'kukapukuta ndi chala, chikasu chinatulukira. Kulemera kwake ndi kumene kanandiuza zoona, chifukwa golide amalemera kuposa madzi ka 19, ndipo ngakhale kanthu kakang'ono kamakhala phee pachikhatho mosiyana ndi mwala. Alamu anakuwa kuti "Agogo aone!" mpaka mbalame zinabalalika.

Kusefa m'madzi ndiye aliyense amene anatsukapo mpunga wa ku Nkhotakota wokhala ndi mchenga amakudziwa kale. Mumagwedeza beseni kuti cholemera chitsike pansi, n'kumataya zapamwamba pang'onopang'ono. Kusiyana kwake n'koti pano chimene mukufuna ndi chotsalira pansicho. Zonyezimira zina zimapusitsa. Kandani ndi nsonga ya mpeni: golide amapindika kapena kubooka, pyrite, mwala wonyezimira ngati golide, amanyenyeka.

M'tchiremo muli zitsime za migodi yakale zosatseka, zina zobisika ndi masamba, choncho musayende chammbuyo ndipo musayende usiku. Njoka zake, monga eastern brown, ndi zaululu wakupha. Valani zotchinga miyendo. Uzani a pamalo ogona kumene mukupita ndi nthawi yobwerera, sungani pa foni malo amene mwasiya galimoto, ndipo nambala yangozi ndi 000. Tsiku limodzi lipatuleni mukaone Sovereign Hill ku Ballarat, tauni ya nthawi ya golide imene anaimanganso kuti anthu aziona. Ngati mwatenga ana, kumeneko amasefa okha mumtsinje.

Golide mwamupeza, ndiye mutani naye? Ku Victoria ndi wanu. Pa OR Tambo ndi golide wosasula, ndipo lamulo lija la 2005 likukudikirani. Kumulowetsa kuno kumafuna chilolezo cha bungwe la South African Diamond and Precious Metals Regulator, ndipo Miner's Right ya ku Australia siikutetezani pamenepo. Musamubise mu sokosi, musamuike mu botolo la mafuta odzola. Ife tinakagulitsa tizidutswa tathu titatu kwa wogula golide ku Bendigo. Anapempha pasipoti, anayeza pa sikelo, natipatsa lisiti ndi ndalama zosafika madola 200, zimene zinathera pa mafuta a galimoto ndi nyama yowotcha usiku womaliza. Tisanapereke, ndinajambula kanjere kanga kaja kali pachikhatho, pambali pa mtengo wa machesi kuti kukula kwake kuoneke. Chithunzicho ndinatumiza pa WhatsApp kwa amayi ku Ntcheu. Anayankha ndi mawu ojambula, akuseka mpaka kutsokomola: "Iwe, ndege yonse ija unakwerera kameneka? Bambo anga ankanena zoona kuti golide saoneka."