Kugula nyumba ku Joni kudzera pa intaneti: zofufuza musanasaine

Nyumba zambiri zogulitsa ku South Africa zimatsatsidwa pa Property24 ndi pa Private Property. Munthu wakunja amaloledwa kugula nyumba m'dzina lake, kaya ali ku Blantyre kaya ku Randburg, koma umwini wa nyumba supereka chilolezo chokhala m'dzikolo.

Mukasankha dera ndi mtengo, musachedwe ndi zithunzi. Tsikirani m'munsi pomwe alemba Levies ndi Rates and Taxes. Rates ndi msonkho wa kukhonsolo. Levy ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi imene eni mafulati ndi nyumba za sectional title (nyumba zogawana malo amodzi, iliyonse ndi mwini wake) amapereka ku bungwe lawo lotchedwa body corporate. Apa ndi pomwe ambiri amapsa. Fulati yotchipa modabwitsa ku Hillbrow kapena pakati pa Johannesburg kawirikawiri imakhala mu nyumba yosanja imene bungwe lake lamira m'ngongole za madzi ndi magetsi, chikepe chinafa kalekale, ndipo mwini watsopano amalandiridwa ndi special levy, levy yapadera yokonzetsera denga. Pemphani malipoti a zachuma a bungwelo ndi zomwe anagwirizana pa msonkhano wawo wapachaka. Akamazengereza kukupatsani, isiyeni.

Adilesi ya nyumbayo muiyang'ane pa Google Street View, kenako mutume munthu wodalirika akalowemo ndithu. Akatsegule mipope, akaone ming'alu ndi chinyontho m'makoma, akafunsenso kuti mukukhala ndani. Funso limeneli ndi lalikulu: pangano la lendi limapitirira ngakhale nyumba itagulitsidwa, ndipo lamulo la PIE la 1998 sililola kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, zomwe zimatha miyezi. Nyumba za RDP, zomwe boma limapereka kwa anthu osauka, samalani nazo, chifukwa mwini saloledwa kugulitsa mwaufulu zaka 8 zisanathe.

Ejenti weniweni amakhala ndi Fidelity Fund Certificate, chikalata chomulola kugwira ntchitoyi chochokera ku PPRA, bungwe loyang'anira maejenti a nyumba, muuzeni akuonetseni. Ayeneranso kukupatsani fomu yosainidwa ndi wogulitsa yoonetsa zowonongeka zimene akuzidziwa. Mukaona mawu akuti voetstoots m'pangano, akutanthauza kuti mukuitenga momwe ilili.

Offer to Purchase, chikalata chomwe mumasaina posonyeza kuti mukufuna kugula nyumbayo, si kalata yongofunsira mtengo ayi. Onse awiri mukasaina, pangano lamangika. Mwayi wobweza maganizo m'masiku 5 umakhudza nyumba zosapitirira R250,000 zokha. Choncho ngati mukudalira ngongole ya kubanki, mulembemo kuti pangano ligwira pokhapokha banki itavomera pofika tsiku lakuti. Amene sakhala m'dzikolo nthawi zambiri amabwerekedwa theka la mtengo basi, theka linalo amabwera nalo yekha.

Mtengo wa pa tsamba si ndalama yonse. Wogula amalipira loya wosamutsa umwini, ngakhale kuti womusankha kawirikawiri ndi wogulitsa, komanso ndalama yolembetsera ngongole ngati ilipo. Palinso transfer duty, msonkho wosamutsira umwini wopita ku SARS, bungwe lotolera misonkho: kuyambira pa 1 April 2025 nyumba yosapitirira R1,210,000 silipira, yoposa pamenepo imalipira mokwera malinga ndi mtengo. Nyumba yatsopano yogulidwa kwa kampani yomanga yolembetsa VAT ilibe msonkho umenewu chifukwa VAT ya 15% imakhala ili kale mumtengo.

Dipoziti ipite ku trust account (akaunti yosungira ndalama za makasitomala) ya loya kapena ya kampani ya ejenti, osati ku akaunti ya munthu. Akamberembere amabera imelo ya loya n'kukutumizirani uthenga wofanana ndendende ndi weniweni, wonena kuti akaunti yasintha. Musanatumize kanthu, imbani foni pa nambala imene mwaipeza nokha ndipo muwerengerane nambala ya akauntiyo.

Ndalama zochokera kunja zidutse kubanki, osati kwa osintha ndalama a pamsewu kapena kwa oyendetsa mabasi. Loya adzafuna pasipoti, umboni wa komwe mukukhala ndi wa komwe kwachokera ndalamazo, monga mwa lamulo la FICA lolimbana ndi kubisa ndalama zopezedwa mwachinyengo. Sungani chikalata cha banki chosonyeza kuti ndalamazo zinalowa kuchokera kunja, ndipo chikalata cha umwini chidindidwe kuti non-resident, kutanthauza wosakhala m'dzikolo. Popanda zimenezi, tsiku lodzagulitsa mudzavutika kutulutsa ndalama zanu. Amene muli ku Malawi yambani mwafunsa banki yanu za chilolezo chotumizira ndalama kunja musanasaine kalikonse, poti ndalama zakunja n'zosowa ndipo pangano lili ndi tsiku lake lolipira.

Zikalata zosamutsira umwini mungasainire ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, koma mufunsiretu loya wanu njira imene Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, ivomereze. Kulembetsa kumatenga pafupifupi miyezi iwiri kapena itatu, ndipo nyumba imakhala yanu pa tsiku lomwe dzina lanu lalowa m'kaundula wa Deeds Office. Mukafuna kulowamo tsikulo lisanafike mudzalipira lendi yotchedwa occupational rent, choncho ndalama yake ilembedweretu m'pangano.