Squid ikamati "No buffer space available" chonsecho memory ilipo

Seva yathu ya Squid (proxy imene anthu a mu ofesi amadutsirapo popita pa intaneti), yomwe ili pa Linux, inayamba kudula anthu intaneti m'mawa uliwonse ofesi ikangodzaza. Mu cache.log, fayilo imene Squid imalembamo mauthenga ake, munkabwerabwera mzere umodzi: "(105) No buffer space available". Ngakhale ping (yoyesera ngati kompyuta ina ikuyankha) yopita pa kompyuta ya pafupi inkakana ndi mawu omwewo.

Ambiri akaona uthengawu amathamangira kukweza rmem_max ndi tcp_mem, malire a memory imene netiweki ingagwiritse ntchito. Ine ndinayamba ndayang'ana /proc/net/sockstat, momwe mumaoneka memory imene netiweki ikugwiritsa ntchito, ndipo TCP inali kutali ndi malire ake. Gwero la vuto linapezeka mu dmesg, momwe mumaoneka mauthenga a kernel (mtima wa Linux): "neighbour: arp_cache: neighbor table overflow!"

Kernel imasunga tebulo la ARP, momwe mumalembedwa adiresi ya MAC (nambala yochizindikiritsa pa netiweki) ya chipangizo chilichonse chimene seva ikulankhula nacho mwachindunji. Malire a tebuloli, gc_thresh3, amabwera ali pa 1024. Kwathuno mafoni ndi malaputopu onse a pa Wi-Fi ali pa subnet (chigawo cha netiweki) imodzi ndi proxy, ndiye tebulo likadzaza, chipangizo chongobwera kumene chimasowa malo ndipo paketi yopita kwa icho siituluka n'komwe. Nditalemba ip neigh show | wc -l kuti ndiwerenge mizere ya m'tebuloli, nambala inali itakakamira pamalirepo.

Mu fayilo ya mu /etc/sysctl.d, pansi pa net.ipv4.neigh.default, ndinakweza malire onse atatu a tebuloli: gc_thresh1 pa 2048, gc_thresh2 pa 4096, gc_thresh3 pa 8192, kenako sysctl --system kuti malire atsopanowa ayambe kugwira ntchito. Sipanafunike kuzimitsa seva. IPv6 ili ndi malire akeake pa net.ipv6.neigh.default, ndiye ndinakwezanso amenewo.

Uthengawo unasiya pomwepo. Subnet yaikulu chonchi siyondisangalatsabe, ndipo ntchito yotsatira ndi kuigawa m'ma VLAN, timagawo ting'onoting'ono ta netiweki, kuti proxy izilankhula ndi rauta yokha.