Azakhali akusamukira ku fulati ya achikulire: katundu wotsala apite kuti?

Azakhali anga anabwera ku UK kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene anamwino ambiri ankachoka ku Malawi kudzagwira ntchito mu NHS, zipatala za boma za kuno. Anakhala zaka zoposa 20 m'nyumba ya zipinda zitatu. Ana atakula n'kukakhala paokha, mawondo nawo atayamba kukana masitepe, anavomera kusamukira ku fulati ya chipinda chimodzi m'nyumba za achikulire, zimene kuno amati sheltered housing. Tsiku limene tinatsegula galaja ndinangoti kakasi. Masutikesi odzaza zitenje, mapoto akuluakulu ophikira pamaliro ndi paukwati, masofa awiri, makina osokera, ndiponso makatoni olembedwa kuti "kumudzi" amene ankadikira kontena kuyambira kalekale.

Tinachita lendi chipinda cha storage, chosungiramo katundu ku kampani, ndipo chinatithandiza kwambiri. Munthu wachikulire sungamuuze kuti asankhe m'sabata imodzi zotaya ndi zosunga pa zinthu zimene anazikhetsera thukuta m'mashifiti a usiku. Storage imamupatsa mpata wopuma. Koma musanasaine chilichonse, gwirizanani tsiku lodzatseka chipindacho ndipo mulilembe pakalendala. Popanda tsikulo, ndalama ya penshoni imangopita mwezi ndi mwezi pa zinthu zimene palibe akuziona.

Yambani ndi fulatiyo. Nyumba zoterezi zina ndi za makhonsolo, zina za mabungwe ngati Anchor, zina amagula kwa makampani ngati McCarthy Stone, ndipo zambiri zimalandira anthu kuyambira zaka 55 kapena 60. Munthu amakhala ndi khitchini ndi bafa yake, pamakhala chipinda chochezera cha onse, woyang'anira, ndi chingwe kapena batani loitanira thandizo. Koma galaja mulibe, kudenga kosungira makatoni kulibe, ndipo m'makonde salola kuikamo katundu chifukwa cha malamulo opewera ngozi ya moto. Pitani ndi tepi mukayeze makoma, zitseko ndi lifiti. Siyani njira yotakasuka yoti ndodo kapena choyendera chidutse usiku popita kubafa. Zokwana m'fulati zikadziwika, zotsalazo ndiye zokambirana.

Makampani a storage ngati Big Yellow, Safestore ndi Shurgard amayeza zipinda zawo m'ma square feet: 25, 35, 50, 75, 100 mpaka kupitirira. Chipinda cha 50 ndi pafupifupi mamita awiri m'lifupi ndi awiri n'kachidutswa m'litali, ndipo poti katundu amasanjikizidwa kupita m'mwamba, chimalowa zambiri kuposa mmene maso amaonera. Pitani mukachione nokha. Funsani ngati chili pansi kapena pali lifiti ndi matrole, maola otsegulira, komanso ngati mungasinthire ku chaching'ono katundu akachepa. Malo a kunja kwa tauni nthawi zambiri amakhala otchipa, koma ngati achikulirewo sayendetsanso galimoto, chipinda chakutali sadzachipondanso.

Pa ndalama m'pamene ambiri timagwa. Mtengo umene umalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kawirikawiri ndi wa masabata oyamba okha, nthawi zina theka la mtengo weniweni. Funsani kuti kuchotserako kukatha mudzalipira zingati, ndipo akulembereni. Funsani ngati VAT ya 20 peresenti, imene storage yakhala ikulipitsidwa kuyambira 2012, ili kale m'kati. Inshuwalansi ya katundu amaifuna, loko mumagula nokha, ndipo ena amatenga ndalama pa masabata anayi aliwonse, kutanthauza ka 13 pa chaka osati ka 12. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zikukwana £30 pa sabata: pa chaka ndi £1,560. Ndiyeno yang'anani sofa ija mudzifunse ngati alipo angaigule ndi ndalama imeneyo. Werenganinso pamene akunena za kukweza mtengo ndi masiku a notisi mukafuna kutuluka.

Nkhani ya dzina lolembetsa musaipeputse. Mgwirizano wa storage umapatsa kampani mphamvu yotseka chipinda ngati simukulipira, ndipo akakuchenjezani koma osayankha angathe kugulitsa katunduyo kuti abweze ngongole. Ife tikudziwa mmene zimakhalira: munthu wapita kumudzi ku maliro n'kukhalako miyezi itatu, nambala ya kuno yazimitsidwa, khadi la ku banki latha ntchito, makalata akupita ku adiresi yakale. Kapena wagonekedwa m'chipatala. Lembetsani munthu wachiwiri wodalirika amene kampani ingamuimbire ndiponso wololedwa kulowa, ndipo akhale ndi kiyi wake. Ngati achikulirewo ayamba kuiwalaiwala, kambiranani za lasting power of attorney, chikalata chopatsa munthu wina mphamvu yowayendetsera zinthu, akadatha kusankha okha. Ku England ndi Wales chikalatachi chimalembetsedwa ku Office of the Public Guardian, ndipo chimatenga masabata angapo.

Mu storage chakudya saloleza. Ufa, mpunga wa Kilombero, nyemba ndi usipa umene mlendo anabweretsa zipite kukhitchini kapena kwa abale, chifukwa zimaitana makoswe ndi anankafumbwe ndipo inshuwalansi ikhoza kukana kulipira. Masilinda a gasi, penti ndi petulo n'zoletsedwanso. Pasipoti, mapepala a penshoni, a malo kapena nyumba ya ku Malawi, mankhwala, ndolo ndi mikanda yamtengo wapatali zikhale m'fulati momwemo, pamalo amene mwiniwake angafikire.

Chinyezi cha kuno sichiseka ndi munthu. Ine ndinalakwitsa pamenepa. Zitenje zina tinazichapa dzulo lake, ndinaziona ngati zauma, n'kuzithira m'majumbo akuda a zinyalala. Patapita miyezi iwiri tinakapeza zachita chuku, madontho akuda ali mbwee, ndipo pakati pake panali chitenje chimene anavala pamaliro a agogo. Azakhali sanandikalipire. Anangochifunyulula, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ichi ukanandifunsa." Choncho zovala ziume gwa, zilowe m'mabokosi a pulasitiki otseka bwino. Firiji muizimitse kudakali masiku, isungunuke, iume, ndipo chitseko chake chikhale chotsegukako. Matiresi akutidwe. Katoni iliyonse ilembedwe nambala ndi zimene zilimo, muijambule pa foni musanamate. Zolemera pansi, pakati musiye kanjira, ndipo majekete a nthawi yozizira ndi zithunzi zikhale pafupi ndi khomo.

Tsopano makatoni a "kumudzi" aja. Amenewa ndi amene amasunga chipinda cha storage zaka ndi zaka, chifukwa si katundu chabe. M'kati mwake muli nyumba ija yosamaliza, muli lonjezo lakuti tsiku lina tidzabwerera, ndipo kuwakhudza kuli ngati kunena kuti ulendowo wafa. Muwalankhule mwaulemu koma mosabisa. Zina n'zoyeneradi kutumiza: mapulagi a ku Malawi ndi ofanana ndi a ku UK ndipo mphamvu ya magetsi ndi imodzimodzi, ndiye makina osokera kapena ayironi zimakagwira ntchito bwinobwino. Koma katundu wa panyanja amatsikira ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam n'kuyenda pamsewu kapena pa njanji, zimatenga miyezi, ndipo akafika pali msonkho wa MRA. Malamulo a munthu amene akubwerera kwawo kukakhazikika amasiyana ndi a munthu amene akungotumizira abale, choncho funsani MRA kapena ejenti wochotsa katundu musanapakire. Bedi ndi kabati zimene kalipentala wa ku Ndirande kapena ku Mchesi angakhome sizifunika kuwoloka nyanja. Ngati mwatsimikiza kutumiza, lipirani malo mu kontena mwezi womwewo, ndipo amene akalandire adziwike dzina.

Zotsala zili ndi kopita. British Heart Foundation imabwera kudzatenga mipando ndi zamagetsi kwaulere ngati zili bwino, koma sofa kapena matiresi opanda kachizindikiro kake kosonyeza kuti sagwira moto msanga samatenga, ndiye musakadule. Khonsolo imatenga zikuluzikulu zowonongeka, nthawi zambiri polipira. Ndipo kutchalitchi sikusowa banja longofika kumene limene likugona pansi.

Ife tinkapita Loweruka lililonse, makatoni atatu basi patsiku, azakhali atakhala pampando pakhomo pa chipindacho n'kumagamula okha. Tinagwirizana miyezi itatu, tinatseka pa mwezi wachisanu. Mapoto anapita kwa amayi a kutchalitchi, migolo iwiri inanyamuka ulendo wa ku Malawi, masofa onse anatengedwa. Makina osokera anakana kuwatumiza. Ali pawindo la fulati yawo, ndipo anzawo a m'nyumbamo ayamba kale kuwabweretsera mathalauza oti awapindire.