Momwe mungakonzere ulendo wa banja wokacheza ku Sun City

Ambiri a ife tikamva za ku Joni timaganiza za ganyu, katundu wodzaza ngolo ya kumbuyo kwa basi, ndi achibale otumiza marandi mwezi ukatha. Koma dziko lomwelo lili ndi malo amene mwana akawaona amawasimba mpaka atakula. Amodzi mwa malowo ndi Sun City, m'chigawo cha North West, kufupi ndi tauni ya Rustenburg. Muli mahotela angapo, dziwe lalikulu lochita mafunde ngati nyanja, zotsetserekapo za m'madzi, mabwalo awiri a gofu, ndipo kuseri kwa phiri kuli nkhalango ya nyama ya Pilanesberg. Anatsegula mu December 1979, mwini maganizowo ali Sol Kerzner, nthawi imene deralo linkatchedwa Bophuthatswana. Anamanga kumeneko chifukwa boma la tsankho linkaletsa juga m'dziko lonselo koma m'deralo inkaloledwa. Lero ambiri odzaza malowa ndi makolo ndi ana awo.

Ine ndinapitako ndi mayi a kunyumba ndi ana athu atatu. Ntchito yaikulu ya ulendowu tinaigwirira pakhomo, miyezi yambiri tisananyamuke, ndipo ndi imene ndikufuna ndikuyalireni.

Yambani ndi mapepala, tsiku lidikire

Musalipire chipinda kapena tikiti pasipoti ya munthu aliyense isanakhale m'manja mwanu. Aliyense, ngakhale khanda lakumsana, amafunika yakeyake. Kupangitsa pasipoti kumatenga nthawi imene simungailamulire, choncho ikhale ntchito yoyamba. Amene ali nazo kale aone tsiku lotha ntchito ndiponso masamba opanda chidindo. Nkhani ya masambayi ndi yaikulu kwa oyenda pa basi, chifukwa mumadindidwa potuluka ndi polowa pa malire atatu, ulendo wopita ndi wobwerera womwe.

Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amalowa ku South Africa kukacheza popanda viza kwa masiku osapitirira 30. Mukangodindidwa, werengani tsiku limene alembapo musanachoke pa windo. Wopyola tsikulo amaletsedwa kulowanso kwa chaka kapena kuposa, ndipo n'zopweteka kudzitsekera dziko chifukwa cha masiku awiri ocheza kwa achimwene ku Germiston.

Za ana, nyamulani ziphaso zawo zobadwira za ku NRB. Ngati mwana akuyenda ndi kholo limodzi, kapena ndi azakhali ake, pakhale kalata yolumbirira ya kholo lotsalalo ndi kope ya chitupa chake. Malamulo a ku South Africa pa ana ochokera kunja anafewetsedwa mu 2019, komabe mudutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo pepala silemera. Jambulani zonse pa foni, makope ena muike m'chikwama china.

Kusankha nyengo

Apa ndi pamene ambiri amaluza ndalama. Mtima umathamangira Khirisimasi, koma kuyambira pakati pa December mpaka kuchiyambi kwa January sukulu za ku South Africa zimakhala zitatsekera, anthu a ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg ndi Pretoria, amakhamukira komweko, mitengo ya zipinda imakwera, ndipo mwana amatha theka la tsiku ali pamzere. Pa Isitala n'chimodzimodzi. Palinso mpikisano wa gofu wa Nedbank Golf Challenge, umene umachitika chakumapeto kwa chaka, ndipo sabata imeneyo zipinda zimasowa.

Mwayi wathu ndi wakuti kalendala ya sukulu za ku Malawi ndi yosiyana ndi yawo. Holide yathu yaitali imagwa mu August mpaka kuchiyambi kwa September, pamene ana a kumeneko ali m'kalasi. Ine ndimalangiza masiku omalizira a holideyi, pakati pa sabata, kufika Lolemba n'kuchoka Lachinayi kapena Lachisanu. Masana kumafunda bwino, udzu m'nkhalango umakhala wouma moti nyama zimaoneka mosavuta. Mudziwiretu kuti m'mawa ndi usiku kumazizira kuposa ku Dedza, ndipo madzi amakhala asanafunde kwenikweni. June ndi July ndi chisanu chenicheni, komanso m'nyengo yozizira malo osambira aja amatsekedwa kwa masabata angapo kuti akonzedwe. Funsani kaye ngati adzakhala otsegula pa masiku anu. Kufika ndi ana n'kupeza dziwe lotseka ndi maliro.

Amene angathe kupita mu October kapena November, kumakhala kotentha ndipo madzi amakoma, kungoti mvula ya mabingu imakonda kubwera chakumadzulo. Mphenzi zikayamba amatulutsa aliyense m'madzi.

Ndalama

Lembani bajeti m'marandi, osati m'makwacha. Tonse tikukumbukira November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 usiku umodzi. Amene anasunga makwacha a ulendo anadzuka ndalama za ulendowo zitaperewera kwambiri. Choncho chimene mungathe kulipiriratu, lipiriranitu: tikiti ndi malo ogona. Ndalama zakunja m'mabanki athu zimavuta, ndiye pitani msanga ndi pasipoti ndi tikiti, ndipo mufunse ngati khadi lanu likugwira ntchito kunja komanso malire ake pa mwezi. Musadalire khadi limodzi. Ngati muli ndi mbale wodalirika wokhala ku South Africa, angathe kukulipirirani zina kumeneko inu n'kukonza naye kuno.

Ife tinkapatula pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu, ndipo gawo lalikulu linachokera ku banki m'khonde ya mayi titagawana kumapeto a chaka. Pamwamba pa zonse mwawerengera, onjezani gawo limodzi mwa magawo 10 la zogwa mwadzidzidzi. Kumalo odyera kumeneko ndi mwambo kusiyira woperekera chakudya pafupifupi 10 pa 100 ya bilu, ndiye nazonso zilowe m'kaundula.

Ndege kapena basi

Ndege yochokera ku Lilongwe kapena Blantyre imafika pa bwalo la O. R. Tambo ku Johannesburg m'maola awiri ndi pang'ono. Basi imadutsa Mwanza ndi Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg, ndipo muwerengere usiku ndi usana ndi maola ena pamwamba, kutengera mzere wa pa Beitbridge. Ndi ana okulirapo basi n'njotheka ndipo imapulumutsa ndalama zambiri, bola mugone tsiku limodzi ku Johannesburg musanapitirire. Ndi mwana wosakwana zaka zisanu, ine ndingakonde kuchedwetsa ulendo miyezi ina mpaka ya ndege itakwana.

Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Sun City ndi maola awiri kapena awiri ndi theka pa galimoto. Ambiri amadzera msewu wa N4 wolowera ku Rustenburg n'kukhotera pa R556. Pa N4 pali zipata zolipira, monga zathu za pa Chingeni ndi Kalinyeke. Amayendetsera kumanzere ngati kuno, ndiye wozolowera chiwongolero savutika ndi galimoto yahayala. Lamulo lawo limafuna mwana wosakwana zaka 3 akhale pa mpando wake wa ana, uzani ahayala akukonzereni. Pali makampani onyamula alendo kuchokera pa bwalo la ndege, koma amafuna kubukitsiratu. Nyamukani kuti mufike dzuwa lisanalowe, chifukwa chigawo chomaliza cha msewu chimadutsa m'midzi ya ziweto ndi anthu oyenda pansi.

Kogona: m'kati kapena kunja kwa mpanda

Apa ganizirani mofatsa, chifukwa mtengo wolembedwa umanyenga. M'kati muli The Palace of the Lost City, imene inatsegulidwa mu 1992, ya nsanja ndi zosema za njovu, yodula koposa. Palinso Cascades, hotela ina yaikulu imene muli kasino, ndi Cabanas, imene ndi yotsikirapo mtengo ndipo inakonzedwera mabanja: udzu wotakasuka wothamangapo ana, nyanja yaing'ono pafupi. Ku Sun Vacation Club kuli nyumba zokhala ndi khitchini.

Kunja, ku Mogwase ndi m'mbali mwa Pilanesberg monga ku Manyane, kuli malo ogona otsika mtengo. Koma wogona kunja amalipira pa geti tsiku lililonse, n'kulipiranso payekha polowa ku malo osambira a Valley of Waves, mutu uliwonse. Wogona m'mahotela a m'kati amalowa kumadziko osalipiranso, ndipo amakwera ulere timabasi tozungulira malo onsewo. Tengani pepala, muchulukitse ndalama za pa geti ndi chiwerengero cha banja lanu ndi masiku, muonjeze mafuta. Kwa ife asanu, kusiyana kunachepa kwambiri moti tinasankha m'kati, ndipo phindu lina linaoneka masana: wamng'ono akatopa, mayi ake ankapita naye kukagona ola limodzi, ife ena tili m'madzi. Ngati mwasankha kunja, gulani matikiti olowera pa intaneti pasadakhale, popeza amaika malire a alendo a tsiku limodzi.

Chakudya ndicho chimadya ndalama mwakachetechete. Mukapeza nyumba ya khitchini, imani ku Rustenburg mugule ufa, ndiwo, buledi, mazira ndi zipatso. Ufa wawo wa papa umaphika nsima yabwinobwino, ndipo mwana wodya nsima usiku amagona tulo. Ngati ndi hotela, sankhani mtengo wophatikiza kadzutsa, ana adye mokhuta, masana muzingotola zopepuka.

Masiku anu muwagawe motani

Masiku atatu athunthu akukwana. Musadzaze ndandanda. Akuluakulu timafuna kuona chilichonse chifukwa talipira, koma ana amafuna madzi, ndipo mawa lake amafunanso madzi omwewo.

Valley of Waves muipatse masiku awiri. Fikani geti likamatsegulidwa kuti mupeze pokhala pa mthunzi. Dziwe lalikulu lili ndi mchenga ngati ku Senga Bay, koma musalitenge ngati nyanja yabata. Limakhala phee, kenaka kumveka kulira kwa makina, fundelo n'kubwera lotalika pafupifupi mamita 2, kukokolola aliyense mpaka kumchenga. Mwana wathu wachiwiri, amene amasambira bwino kwa agogo ake ku Salima, linamugwetsa chadodolido n'kumwetsa madzi. Anadzuka maso ali psuu, akutsokomola, n'kundigwira mkono osausiya mpaka titatuluka. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti wamkulu mmodzi aziima m'madzi ndi ana nthawi zonse, wina akuyang'anira katundu. Opulumutsa anthu alipo, koma akuyang'ana khamu lonse, inu mukuyang'ana wanu.

Zotsetserekapo zazikulu, monga Temple of Courage imene imakugwetsa kuchokera pa mamita 17, zili ndi muyezo wa msinkhu. Yezani ana anu kunyumba, muone miyezo pa tsamba la malowa, ndipo wamfupi mumuuziretu zimene adzakwere ndi zimene sadzakwera. Akamva ali kunyumba amavomereza. Akamvera pamwamba pa masitepe atadikira pamzere, kulira kwake kumawononga tsiku la aliyense. Kwa ang'onoang'ono kuli maiwe osaya ndi Lazy River, kamtsinje koyenda pang'onopang'ono mutakhala pa chubu.

Mukatuluka m'madzi, zina n'zodutsa: Bridge of Time, mlatho wa njovu zamiyala umene umagwedezeka ngati chivomezi pa nthawi zake, ndi Maze of the Lost City, njira zokhotakhota zosocheretsa zimene ana a zaka 8 kupita m'mwamba amazikonda. Za pa nyanja yaing'ono ija, mabwato ndi zina, zimalipiridwa padera, ndiye uzani ana kuti aliyense asankhe chimodzi. Ku kasino osakwana zaka 18 saloledwa, ndipo ndikupempheni ndi mtima wonse kuti ndalama ya ana isalowe m'menemo.

M'mawa umodzi mupereke kwa Pilanesberg. Nkhalangoyi ili m'chigwa cha phiri lamoto lakalekale, ndi ya mahekitala pafupifupi 55,000, ndipo muli njovu, mikango, zipembere, njati ndi anyalugwe. Kulibe malungo. Mungalowe ndi galimoto yanu pa geti la Bakubung, lomwe lili pafupi, kapena kulipira galimoto yotsegula ya woperekeza. Nyamukani kusanache, mutavala majuzi, mulunjike ku damu la Mankwe kumene nyama zimabwera kudzamwa. Osatsika m'galimoto kupatula pa malo ololedwa, ndipo njovu ikaima pamsewu, imani patali muidikire.

Tinthu tating'ono tonyamula

Masoketi awo ndi a mabowo atatu ozungulira, pulagi yathu silowa. Gulani adaputa pa bwalo la ndege kapena m'sitolo. Nthawi ndi yofanana ndi yathu, wotchi musaisinthe. Mukafuna simu ya Vodacom kapena MTN adzafuna pasipoti polembetsa. Tengani zosambira zenizeni, chifukwa pa zotsetserekapo safuna zovala za zipi ndi zitsulo, mafuta oteteza ku dzuwa, zipewa, ndi mankhwala amene mwana amamwa kale. Anthu a m'deralo amalankhula Chitswana. Kupereka moni wakuti "Dumela" kumatsegula nkhope za ogwira ntchito.

Mwana aliyense alowezedwe nambala yanu ya kumeneko, wamng'ono mumulembere pa kansalu komanga pa mkono. Mukangolowa malo alionse, lozani poonekera pamodzi n'kunena kuti wosochera akaime pamenepo kapena apite kwa wovala yunifolomu.

Ndipo tsekani mawindo ndi chitseko cha pakhonde nthawi iliyonse mukutuluka, ngakhale kwa mphindi zisanu. Apusi ndi anyani a kumeneko anazolowera anthu. Ife tsiku lachiwiri tinasiya windo la kukhitchini lotsegula pang'ono. Pobwerera tinapeza shuga atamwazika pansi, makoko a nthochi pa bedi, pusi atakhala pa denga ndi buledi wathu wathunthu m'manja. Auzeni ana kuti asawapatse chakudya kapena kuwayandikira, chifukwa amaluma.

Tsiku lobwerera musalowenso m'madzi. Zosambira zonyowa ikani m'jumbo usiku wake, mapasipoti onse awerengedwe muli m'chipinda, ndipo ngati ndege yanu ndi ya m'mawa, kagoneni ku Kempton Park pafupi ndi bwalo, chifukwa misewu ya pakati pa Pretoria ndi Johannesburg imathina kwambiri anthu akamapita kuntchito.